Chisanu cha ku Nsanama ndi Mbiri ya Zofunda

Akuluakulu a ku Nsanama akakhala pansi kuti akumbutsane zaka zimene dziko lawo lidaona masautso, amatchula njala ya 1949, amatchula zaka zimene nyanja ya Chilwa idaphwa kufikira anthu kuyenda pouma kunka ku chilumba cha Chisi, monga mu 1968 ndi mu 1995, ndipo ana a masiku ano amawonjezapo namondwe wa Freddy, amene adagumula nyumba ndi milatho m'Malichi wa 2023. Koma pabwalo lotere simudzamva munthu akutchula chaka cha chisanu, chinkana chisanu ndicho chakhala chikufika pakhomo pa yense, wolemera ndi wosauka, chaka ndi chaka osaphonya, kuyambira makolo asanaione nsalu ya m'sitolo kufikira lero lino. Chifukwa chake n'chosabisika. Madzi osefukira amapha anthu pamodzi ndiponso poyera, ndipo boma limatumiza alembi kukawerenga otayika. Chisanu chimatenga mmodzimmodzi, usiku, m'nyumba yotseka, lero khanda, mkucha nkhalamba, ndipo pamaliro anthu amangoti malemuwa chidawavuta n'chifuwa. Ine ndiyesa kuti nyengo imeneyi iyenera kulembedwa m'mbiri monga zinzake, pakuti idanyamula amuna ambiri kuwachotsa pamudzi, idasintha mavalidwe ndi malonda, ndiponso idatha mitengo yochuluka koposa mmene tiganizira.

Nsanama ali pamsewu wochokera ku Liwonde kunka ku Ntaja, m'boma la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe, ndipo kufikira 1998 lidali boma limodzi ndi Balaka. Munthu wochokera ku Liwonde amasiya chigwa chotentha cha Shire kumbuyo nayamba kukwera pang'onopang'ono, mapiri a Chikala ali kudzanja lake lamanja. Ndipo kuseri kwa mapiriwo kwayalidwa chidikha chachikulu cha Chilwa ndi Chiuta, chofika mpaka kumalire a Mozambique, chopanda kanthu kotchinga mphepo. Kumeneko ndiko kukhomo kwa chisanu.

Makolo adaona kuti mitambo yotsika, ya nkhungu ndi mvula yowaza, imatulukira kum'mwera chakum'mawa, kumbali ya phiri la Chiperone, limene lili m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, lotalika mamita 2,054, ndipo nyengoyo idatenga dzina la phirilo. Sadalakwe poloza kumeneko, kungoti gwero lenileni lili kutali koposa kumene maso angafike. Kum'mwera kwa nyanja yamchere ya India, kupitirira chilumba cha Madagascar, kumakhala mulu waukulu wa mpweya wolemera umene umakankha mphepo kuloza kumtunda kuno chaka chonse. Ndipo kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, dzuwa litapendekera kumpoto, muluwo umakula mphamvu nusendera kufupi ndi Africa. M'miyezi yomweyo anamondwe ochokera kunyanja zozizira za kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi amawomba mzinda wa Cape Town ndi mvula yamphamvu, nagwetsa chipale chofewa pamapiri a Lesotho. Ndipo namondwe aliyense akadutsa, m'mbuyo mwake mumatsata mpweya wozizira umene umakwawa m'mbali mwa gombe, kudzera ku Durban, ku Maputo ndi ku Beira, kutola chinyezi cha m'nyanja m'njira monsemo, kufikira patapita masiku owerengeka ulowa m'chigwa cha Zambezi nukwera kuno kwathu. Chotero mayi wa ku Nsanama amene adzuka napeza makaka ake anyowa pathandala, wakhudzidwa ndi namondwe amene adayamba ulendo wake kumadzi kumene iye sadzafikako.

Mpweyawo ukafika, uyamba wakumana ndi phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, kenaka zitunda za Thyolo ndi phiri la Zomba, ndipo mapiri amenewa amaufinya monga mayi afinyira nsalu yochapa, kotero kuti madzi ambiri amatsalira konko. Ku Nsanama kumafika zotsala: thambo lotuwa la masiku atatu kapena asanu, Chikala atabisika m'nkhungu, kamvula kosadzaza mtsuko koma konyowetsa malaya, ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ukatsikira ku Liwonde ndi kuwoloka Shire kunka ku Balaka, kumene kuli kuseri kwa mapiri, mvulayo kawirikawiri siifika n'komwe. Kumangofika mphepo youma ya fumbi, yotuwitsa khungu ndi kung'amba milomo ndi zidendene. Koma odziwa amati choopsa si tsiku la chiperoni, koma usiku umene chiperoni chatha. Mitambo ikachoka, mphepo ikadekha, nyenyezi zikaoneka zonse, kutentha kumene nthaka idasunga masana kumathawira kumwamba popanda chokubweza, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsikira m'madambo ndi m'makwawa. M'mawa mwake mwini dimba apeza masamba a maungu ndi a matimati atawauka ngakhale moto sudapiteko. A zanyengo a dziko lino amati m'miyezi imeneyi kuzizira kwa usiku kumatsika kufika pakati pa madigiri 4 ndi 10 m'madera ena, ndi kuti mu Juni ndi Julayi chisanu chowaula mbewu chimagwa m'malo apatalipatali. Mzungu wa ku Scotland akhoza kuchepetsa manambala amenewa. Koma iye ali ndi nyumba ya magalasi ndi malaya aubweya, ndipo kuzizira sikuyesedwa ndi chida chokha ayi, kuyesedwanso ndi chimene munthu wafunda.

Tsono kodi akale ankafunda chiyani? Anyanja amene adayamba kukhala m'mbali mwa Chilwa ndi Shire, ndi Ayao a Amachinga amene adafika m'dera lino cha m'ma 1860, ndi Alomwe amene adawoloka malire kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, onsewa zofunda zawo zidali m'nkhalango. Mwamuna ankasenda khungwa la mombo, nalipala, nalinyika m'madzi, nalisula pa chipika ndi kachibonga kufikira litafewa ndi kutambasuka, ndipo iyo ndiyo nyanda, imene inkavalidwa masana ndi kufundidwa usiku. Analipo oluka nsalu za thonje pamanja, makamaka kuchigwa cha Shire, koma ntchito yake idali yaitali ndipo nsaluyo sinkagwera aliyense. Zikopa za nyama nazo zidali za alenje ndi mafumu. Kunena zoona, nyanda siitchinga mphepo ya Julayi, ndipo chofunda chenicheni cha makolo chidali moto. Nyumba idali yozungulira, yaing'ono, yophomedwa ndi dothi, ya khomo limodzi lopanda zenera, denga la udzu litatsika pafupi ndi nthaka. Pakati pake pankagona chikuni, makamaka cha tsanya kwa amene adali kufupi ndi chigwa, mtengo wosanyeka msanga, umene makala ake amafika m'mawa asanazime. Anthu ankayala mphasa mozungulira moto, anyamata kumphala, atsikana kukuka kwa agogo, atadzola mafuta a nsatsi kuti khungu lisang'ambike. Ndipo miyendo ya nkhalamba inkadziwika ndi mbala za moto. M'nyumba zimenezo, usiku wautali wa Juni, pamene Nsangwe ziyamba kuonekanso m'mbandakucha, mbatata ili m'phulusa, ndimo m'mene nthano ndi zilape zidaleredwa, pakuti nthawi ya dzinja anthu ankagona msanga ndi kutopa kwa khasu, koma nthawi yachisanu zokolola zidali m'nkhokwe ndipo tulo sitinkabwera msanga.

Sindifuna kuti owerenga ayese kuti masiku amenewo adali a mtendere wokhawokha. Moto womwewo unkatentha ana ogubuduka m'tulo ndi odwala khunyu, utsi unkadwalitsa maso ndi zifuwa, ndipo nthawi ya nkhondo za ukapolo, pamene anthu adasiya midzi ya m'chidikha nakabisala m'mapiri, adakakhala kumene mphepo iwomba kopambana, ena osayerekeza n'komwe kusonkha moto poopa kuti utsi ungawaulule. Mfumu Kawinga idamanga linga lake pamwamba pa Chikala, nikhala pamenepo kufikira asilikali a Angerezi adaigonjetsa mu Febuluwale 1895. Ndipo yense amene adakwerapo phirilo nthawi ya chiperoni angathe kulingalira mmene akapolo ogona kunja kwa mpanda, opanda nyanda ndi chikuni chomwe, ankauonera usiku. Komabe pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchigwiritsa, pakuti nkhani yonse yatsamira pomwepo: m'masiku amenewo munthu waufulu, ngakhale wosaukitsitsa, akakhala ndi nkhwangwa ndi manja awiri, chisanu sichinkamupempha ndalama.

Mwambo wina udasankha dala nyengo imeneyi kukhala yake. Pakati pa Ayao, anyamata amalowa kujando chakudya chitakololedwa, m'miyezi yozizira kufikira kuchiyambi kwa chilimwe, ndipo atsikana amavinidwa nsondo nthawi yomweyo. Zifukwa zake zidali zanzeru: ufa wodyetsa ndagala yonse ulipo, ntchito ya kumunda yachepa, mvula siivutitsa ogona m'misasa ya udzu, ndipo akulu adaona kuti bala la ngaliba limapola bwino kukamazizira, ntchentche zitachepa, kusiyana ndi nthawi ya thukuta. Koma chisanucho chidalinso mphunzitsi mnzawo wa anakanga ndi alombwe. Mwana amene adazolowera kugona pambali pa amake ankadzutsidwa kusanache kukasamba kumtsinje, nkhungu ili pamadzi, naphunzira kuti mwamuna sadandaula pagulu. Ndipo tsiku lotuluka, manganje ali pakati, mphatso yaikulu imene makolo ankavutikira chaka chonse idali nsalu yatsopano. Chimodzimodzinso Chisilamu chitakhazikika m'midzi ya Ayao, okhulupirira adalandira mwambo wosamba kumaso, m'manja ndi kumapazi asanapemphere m'mbandakucha, ndipo mpaka lero, mu Julayi, anthu ena akadali m'tulo, mudzamva mawu oitana a kumzikiti ndi kuona nkhalamba zitadzikulunga zikuyenda mumdima kunka kukapembedza Mulungu wawo ndi madzi ozizira.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi nsalu ndi msonkho. Amalonda a Chiyao adali atabweretsa kale merikani ndi nsalu zina kuchokera kugombe, posinthana ndi minyanga ndi anthu. Koma boma la atsamunda litakhazikika ku Zomba mu 1891, ndi kuika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, sitolo za Mandala ndi za Amwenye zidayamba kufalikira, ndipo m'menemo mudapachikidwa chinthu chimene chidagwetsa nyanda mosabwereranso, ndicho bulangeti. Munthu amene adagonapo usiku umodzi m'gombeza sakadabwereranso kukhungwa la mtengo, ndipo mkazi amene mnansi wake adagulidwa bulangeti sakadaleka kumukumbutsa mwamuna wake. Koma ndalama pamudzi padalibe. Chotero amuna adanyamuka, ena kuminda ya azungu ku Zomba, Thyolo ndi Mulanje, ena wapansi ku Halale, ena ku Joni, kumene bungwe la Wenela lidayamba kutengako anthu a dziko lino mu 1903.

Apa pali chinthu chomvetsa chisoni chimene mabuku a sukulu sachitchula kawirikawiri. Amuna amene adapita kukafuna zofunda adakakumana ndi chisanu chomwe chija pafupi ndi gwero lake, chisanafooke ndi ulendo. Joni, ndiye Johannesburg, ali pamtunda wokwera kwambiri, kumene madzi amaundana usiku mu Juni. Ndipo munthu wotuluka m'mgodi motentha, thukuta lili thupi lonse, ankakumana ndi mphepo imeneyo pakhomo pa mgodi, nakagona m'chipinda chodzaza ndi anzake otsokomola. Chibayo chidapha anthu ochokera kumaiko otentha mochuluka kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, ndipo chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. M'midzi ya kuno imfa zimenezo zinkafika ngati mphekesera, patapita miyezi, pakamwa pa mnzake wobwerera. Mtembo panalibe, manda panalibe, ndipo amayi ambiri adakalamba akuyang'ana kunjira. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918 zidabwerezanso mwa mtundu wina, pamene amuna zikwi zambirimbiri adagwidwa kukhala a tengatenga, nasenza katundu wa asilikali kudutsa mapiri ozizira a kumpoto ndi a ku Tanganyika, ambiri ali ndi kansalu kamodzi, ndipo njala, kamwazi ndi chibayo zidawagwetsa m'njira.

Amene Mulungu adawasunga adabwera ndi sutikesi, ndipo pamwamba pake padali pomangidwa mabulangeti: limodzi la mkazi, limodzi la amayi, limodzi la apongozi, pakuti m'dziko la chikamwini mkamwini wobwera ku Joni osafunditsa apongozi ake sakadakhala ndi nkhope pamudzi. Asilikali obwera kunkhondo yachiwiri mu 1945 ndi 1946 adabwera ndi majasi aatali, amene adakhala zaka makumi akuoneka pamaliro ndi pabwalo la milandu, atachoka kwa atate kunka kwa mwana. Otsala pamudzi adapeza njira yawo m'thonje, makamaka ku Balaka ndi m'chigwa cha Shire, ndipo zidangokomana bwino kuti thonje limathyoledwa ndi kugulitsidwa m'miyezi yomwe yachisanu, kotero kuti ndalama yochoka pasikelo ya msika inkalowa m'sitolo tsiku lomwelo. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, pakati penipeni pa chisanu, mafakitale a nsalu adamangidwa ku Blantyre, ndipo mabulangeti ena opangidwa komweko adatchedwa Chiperoni, dzina la mdani amene adapangidwira. Njira ya ku Joni idatsekedwa mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74; idatsegukanso pang'ono pambuyo pake, koma siidabwerere mwakale. Amwenye nawo adalamulidwa m'zaka za m'ma 1970 kuchoka m'misika ya kumidzi kunka kumizinda. Pomalizira pake padadza kaunjika, ndipo lero pa tsiku la msika pa Nsanama kapena pa Ntaja, mwezi wa Meyi ukangolowa, mudzaona milu ya majuzi ndi majekete amene adasokedwera chisanu cha ku Ulaya ndi ku America, anthu atawerama kusankha. Sindinyoza kaunjika, pakuti wafunditsa ana ambiri amene agogo awo adakula akunjenjemera. Koma m'zaka zosakwana zana limodzi, chofunda chidachoka m'nkhalango ya kuseri kwa mudzi kunka kusitolo, kuchoka kusitolo kunka kubelo lochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo pa sitepe iliyonse chidatalikira munthu wopanda ndalama.

Mphepo imene pamtunda imadza ndi chiperoni, panyanja dzina lake ndi mwera, ndipo kumeneko siipha mobisa. David Livingstone, amene adafika pa Chilwa mu Epulo 1859, atayesa kuyenda pa nyanja ya Malawi ndi bwato mu 1861 adaitcha nyanja ya anamondwe. Koma asodzi sadasowe mlendo wowauza zimenezo, popeza adali atazidziwa kale mphepo zawo zonse ndi maina ake, mwera wa kum'mwera, mpoto wa kumpoto, vuma wa kum'mawa, ndi nyengo ya iliyonse. Nyanja ya Malawi yagona motalika kuchokera kum'mwera kunka kumpoto, pakati pa mapiri, kotero kuti mwera umayenda m'litali mwake monse popanda chopinga, mafunde akukulirakulira pamene unka kumpoto. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya, imene idali itangoyenda maulendo owerengeka, idanyamuka ku Mbamba Bay kuwoloka nyanja mwera uli pakati, ndipo itayandikira Florence Bay, kunsi kwa Livingstonia, mafunde adaigubuduza nimira. Anthu 145 adatayika, ambiri a iwo atatsekeredwa m'zipinda za pansi. Palibe ngozi ina ya sitima pa nyanja yathu imene idaposa imeneyo, ndipo Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951, idadza kudzalowa m'malo mwake. Chaka chomwecho cha 1946, mu Disembala, Napolo adatsika paphiri la Zomba. Ndipo taonani, Napolo wa dzinja adaimbidwa nyimbo ndipo ana amamudziwa, pamene mwera wa chisanu, umene udameza anthu ochuluka chotere tsiku limodzi, ochepa okha kuno kum'mwera ndiwo angautchule.

Nyanja za anthu a ku Machinga ndi Chilwa, ndi Chiuta, ndi Malombe, ndipo munthu asanyengedwe ndi kusaya kwa nyanja zimenezi. Chilwa alibe mtsinje wotulukira, ndipo m'malo ambiri munthu amayendetsa bwato ndi nsungwi yofika pansi. Koma pokhala madzi osaya ndi otambalala, mwera ukawomba amavunduka msanga, matope akwera, mafunde afupiafupi amenya bwato motsatizana osalipatsa mpata wodzuka, ndipo wogweramo amamira m'thope ngakhale pamene akadaima. Asodzi a ku Mposa ndi ku Namanja, ndi iwo okhala pa zimbowera pakati pa mabango, kumene chikuni chilichonse chimachita kubwera ndi bwato, ndiwo adziwa kutalika kwa usiku wa Julayi. Akale adali ndi lamulo lakuti mwera ukayamba, bwato likokedwe kumtunda, amuna akhale pansi asoke maukonde ndi kuluka miono kufikira utapita, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulolo lidali lopepuka kwa munthu wa bwato lake ndi nkhokwe yake. Kwa mnyamata wa lero, wopalasa bwato la bwana, wodya tsiku limene wapha matemba basi, kudikira masiku anayi ndi njala, ndipo ambiri amalowa m'madzi akudziwa bwino lomwe chimene achita.

Kungakhale kusayamika kutchula zoipa zokha, pakuti walira mvula walira matope, ndipo Mlengi sadaike nyengo yopanda ntchito. Mwera womwewo, pokankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, umakweza madzi ozizira a pansi kumbali ya Mangochi, odzala ndi chakudya cha tizilombo timene usipa umadya, ndipo usipa wouma umene ugulitsidwa pa Nsanama ndi mphatso ya mphepo imene asodzi aiopa. Tiyi wa ku Mulanje, amene adayamba kubzalidwa kumeneko mu 1891, ndi wa ku Thyolo, sakadapirira miyezi isanu yopanda mvula chipanda kamvula ka chiperoni. Ndipo kuno kumunda kwa mlimi wamba, nandolo amene amatsala chiimire chimanga chitakololedwa amachita maluwa ndi kukhwima m'nyengo yomweyi, akumwa chinyezi cha nkhungu. Chinangwa, chimene Nsanama adziwika nacho, ndi mbatata ya kumapeto zimatsitsimuka. Mango nawo amafuna usiku wozizira kuti aphuke maluwa ochuluka. Mlimi amadandaula mpunga wake ndi makaka zikachita chuku posowa dzuwa, koma chaka chimene chiperoni chakana kubwera, yemweyo ndiye ayamba kufunsa kuti nandolo chamuvuta n'chiyani.

Za kudziwiratu nyengo, tapita patsogolo ndithu. Atsamunda adayamba kulemba za mvula ndi kutentha ku Zomba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makamaka chifukwa cha minda yawo ya khofi, fodya ndi tiyi. Lero nthambi ya boma yoona za nyengo ili ndi malo oyezera pa Ntaja pomwepa, ndipo poona zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga imatha kuuona mpweya wozizira ukadali ku Durban, nichenjeza pa wailesi ndi pa foni kuti chiperoni chifika mkucha, ndi kuti oyenda pa nyanja za Malawi, Malombe, Chiuta ndi Chilwa asamale ndi mwera. Chimene makolo ankachiwerenga pa nsonga ya Chikala kutatsala maola, ife tiuzidwa kutatsala masiku. Akulu adati pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo wozengereza kukoka bwato kapena kuphoma ming'alu ya nyumba atamva chenjezo alibe womunamizira. Koma mwambiwo uli ndi malire ake, pakuti udanenedwa m'masiku amene wokonzekera chisanu ankangotenga nkhwangwa. Ndipo ine sindingautchule pamaso pa mayi wamasiye amene chenjezo walimva bwino lomwe, koma bulangeti ali nalo limodzi ndipo ana ndi anayi.

Pakuti moto uja, umene udali chofunda cha aliyense, nawonso tsopano uli pamalonda. Nkhalango ya Liwonde idaikidwa m'manja mwa boma m'zaka za m'ma 1920, ndipo malo osungirako nyama a Liwonde adakhazikitsidwa mu 1973, kotero kuti tsanya wa m'chigwa adatsekeredwa kuseri kwa malire. Anthu adachuluka, minda idakwera m'mapiri, njerwa zidafuna nkhuni, ndipo mizinda ya Zomba ndi Blantyre idafuna makala. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, koma yense woyenda pamsewu wa Liwonde ndi Ntaja m'mwezi wa Juni adzaona matumba ataimikidwa m'mbali mwa njira ndi njinga zotsetsereka nawo usiku, chifukwa nthawi yachisanu ndi pamene mtengo wake ukwera. Wootcha makalayo kawirikawiri sawaotha. Amawagulitsa kuti agule ufa, ndipo kunyumba kwake mkazi amasonkha mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, zimene zimalilima kanthawi n'kuzima anthu asanagone. Nyumba nazo zasintha: ya njerwa ndi malata, imene tonse tiikhumba ndipo ndi yabwino pa mvula, ikakhala yopanda siling'i imataya kutentha konse usiku, ndipo pakati pake palibenso malo a chikuni, kotero kuti ena amalowetsa mbaula natseka mazenera, osadziwa kuti makala onyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagonetsa munthu osadzukanso. M'zipatala za m'derali, miyezi ya Juni ndi Julayi, malungo akamachepa, mabenchi amadzala ndi amayi obereka ana obanika ndi chibayo, ndi nkhalamba za mphumu. Ndipo kusukulu, kumene chiyambire maphunziro aulere a 1994 makalasi sadakwanebe, ana ena amayamba phunziro loyamba atakhala pansi pa mtengo, manja ali m'khwapa, mphunzitsi akuwasuntha kutsata kumene kwafika dzuwa.